Buku lenileni la Dungeons & Dragons ndi liti?

Anthu osonkhanitsa mabuku akale a masewera a Dungeons & Dragons amakonda kunena kuti enieni ndi a ku America, enawa ndi makope chabe. Ine sindigwirizana nazo.

Taonani za bokosi lofiira lija la 1983, lomwe anakonza Frank Mentzer, lili ndi chinjoka chojambulidwa ndi Larry Elmore pachikuto. Yemwe anamasulira masewerawa m'Chijeremani ndi Ulrich Kiesow, ndipo mu 1984 mkulu yemweyo anatulutsa masewera akeake, Das Schwarze Auge, omwe anadzaposa D&D kutchuka ku Germany. Ndiye kuti pa buku la Chijeremanilo m'pomwe ananolera mpeni wake. Limenelo n'kumati kope?

Ku Japan kampani ya Shinwa inatulutsa bokosilo mu 1985. Koma chimene chimandikoka mtima ndi cha m'ma 1990, pamene malamulowo anasindikizidwa m'timabuku tokwana m'thumba, ta zithunzi za manga. Madayisi omwewo, zilombo zomwezo, koma ngwazi yasintha nkhope.

Ndikanakhala ndi ndalama zogulira buku limodzi lokha (ndilibe), ndikanasankha kabuku ka ku Japan, makamaka kopindika m'makona chifukwa wina ankakawerenga m'sitima.