MALUWA A PA MPANDA ANAFIKA KU UKWATI

Mai wina wamasiye wa m'komboni ya Ngungu ku Kabwe anakhala masiku atatu wosagona tulo cifukwa ca nkhani imene ena angaiyese yaing'ono. Nkhaniyo inali ya maluwa a pa ukwati wa mwana wace wamkazi, mzime wa m'nyumbamo.

Ukwati unaikidwa pa Ciweru m'mwezi wa Okutobala, nthawi imene dzuwa limaswa mtengo. Akucimuna anafuna kuti chalichi conse cikongoletsedwe ndi maluwa a rozi ocokera ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 140, kumene kuli minda yolima maluwa otumiza ku Ulaya pa ndege. Maiyo atawerengera ndalama za malonda ace a vitumbuwa anaona kuti sangakwanitse mbali yace popanda kutenga kaloba. Iye anali kudziwa mabanja amene anagulitsa mipando ndi mbale polipira ngongole ya phwando la tsiku limodzi.

Pa mpanda wa nyumba yace panali mtengo wa boganiviliya wa maluwa ofiira. Mwamuna wace, amene anacokera ku Katete, anali kugwira nchito pa mgodi wa mtovu ndi zinki kufikira pamene unatsekedwa mu 1994. Banjalo posamuka ku Kasanda, kumene fumbi la mtovu limadwalitsa ana, bamboyo ananyamula kanthambi ka mtengowo m'citini. Atafika ku Ngungu anakabzala, nabzalanso udzu pabwalo ponse kuti ana ace asamasewere pa dothi. Iye anamwalira mzimeyo asanatsirize sukulu.

Maiyo atachula za mtengowo, mtsikana anagwetsa nkhope.

"Amai, anthu adzatiseka. Kodi alendo tiwalandire ndi maluwa a pa mpanda?"

"Mwana wanga, tiyeni tiyambe tayesa. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

M'mawa mwace anadula nthambi ziwiri. Ina anaiika pa tebulo, ina anaimiza m'ndowa ya madzi pa mthunzi. Pofika masana ya pa tebulo inali itafota, koma ya m'madzi inalimba kufikira madzulo. Apa maiyo anavomera kuti mwana wace sanalakwe konse, pakuti boganiviliya sangakhale m'manja mwa mkwatibwi tsiku lonse la dzuwa lotere. Nayenso mtsikana anaona kuti maluwawo akhoza kuima m'chalichi ngati apatsidwa madzi.

Ankhoswe a mbali zonse ziwiri atakumana, maiyo anagwada nalankhula mosabisa.

"Asewele, ine ndine wamasiye. Rozi wodzaza chalichi sindingamuthe. Ndidzagula wa m'manja mwa mwana yekha. Otsalawo adzacokera ku mtengo umene anabzala atate ace, kuti nawonso akhalepo pa ukwati wa mwana wao."

Panakhala cete kwa kanthawi. Pambuyo pace mai wa mnyamata anaomba m'manja nati ndalama zimene iwo anapatulira maluwa zigulire anawo mbaula ndi mapoto.

Pa tsiku la ukwati akazi a m'komboni anadzuka tambala woyamba. Anadula nthambi dzuwa lisanaturuke, nasadza minga, naziika m'zitini za madzi zokulungidwa ndi citenje. Anazindandalika kucokera pa khomo la chalichi kufikira kutsogolo. Mkwatibwi analowa atagwira rozi woyera wowerengeka. Pa alendo onse panalibe amene anafunsa mtengo wa maluwa. Ambiri anafunsa kumene anacokera, ndipo atamva, okalamba ena amene anagwirapo nchito pa mgodi anachula dzina la malemuyo.

Madzulo, asanapite ku nyumba yace yatsopano, mtsikana anapempha kuti cithunzi cotsiriza cijambulidwe pa mpanda paja. Atatha anagwira dzanja la amai ace.

"Amai, mundidulireko kanthambi."

"Osati lero," anayankha maiyo. "Udzabwere mvula ikayamba. Ukadzabzala, usamakathirire madzi ambiri, cifukwa mtengo uwu umacita maluwa pamene nthaka yauma."

Mvula yoyamba itagwa m'Novembala, mtsikanayo anafika ndi citini m'manja. Maiyo anali alibe ngongole kwa munthu ali yense.