Galu wa kuchisanu pansi pa phiri la Zomba

Ndivomere poyambirira: Chiperoni ndinamutenga chifukwa cha maso ake a buluu aja. Banja lina lomwe linkabwerera kwawo kunja linkafuna womusiyira galu. "Ameneyu ndi husky, amafuna kuthamanga tsiku lililonse," anandichenjeza. Ine ndinkangoti eya, eya, maganizo ali pa zithunzi zoti ndikaponye pa Facebook.

Chikomekome cha mkuyu. Sabata yoyamba yokha kwathu ku Matawale anatafuna chaja, nsapato ndi ngodya ya mpando. Usiku sankauwa ngati agalu anzake. Ankalira mokoka mawu, nkhope ataloza kumwamba. Kutacha, amayi a nyumba yoyandikana nafe anandipeza pampopi.

"Achimwene, galu wanuyu akutiitanira maliro. Ndi malodza amenewa."

Sabata yachitatu anakumba pansi pa mpanda n'kupha nkhuku ziwiri za amayi omwewo. Ndinalipira, manyazi ali thoo. Eni nyumba sanachulutse gaga m'diwa: zikachitikanso, ndisankhe galu kapena nyumba. Bambo anga nawo pafoni anangoseka. "Galu wosauwa wakuba ngwantchito yanji? Iwetu ukuweta mlendo."

Usiku umenewo ndinayamba kuwerenga za mtundu wake, zomwe ndinayenera kuchita ndisanamutenge. Agalu amenewa anawaweta ndi anthu a mtundu wa Chukchi ku Siberia, kuti azikoka katundu pachipale chofewa maulendo ataliatali. Mu 1925, magulu a agalu okoka katundu anapatsirana mankhwala a matenda a diphtheria mtunda woposa makilomita 1,000 mpaka kukafika m'tauni ya Nome ku Alaska, pasanathe masiku 6. Ndinayang'ana Chiperoni atagona pakabwalo kanga koyanikira zovala. Mbuli si galu ayi. Ndinatenga wantchito n'kumusandutsa chidole.

Tsopano ndimadzuka hafu pasiti 4. Pakati pa sabata timathamanga kusanatenthe, tisanakumane ndi akabaza ndi ana asukulu. Loweruka ndiye lake: timakwera phiri kudzera mu Potato Path, iye patsogolo akukoka chingwe, ine m'mbuyo wefuwefu. Tikamayandikira Ku Chawe, mphepo imasintha. Nkhungu imatsikira m'mitengo ya paini, ndipo galu uja amakhala wina. Mchira umadzuka, mapazi amapepuka. Pa damu la Mulunguzi amakhala pansi n'kumayang'ana madzi, phee, ngati munthu amene wafika kwawo. Chingwe sindimasula ngakhale kumeneko. Akaona nyani kapena mbuzi, dzina lake amaliiwala.

Mwezi wowawa ndi Okutobala. Masana satuluka. Ndisanamuyendetse pa tala ndimayamba ndagusa ndi dzanja. Pakanditentha ine, ndiye kuti iyenso pamuwotcha. Beseni la madzi limakhala pamthunzi tsiku lonse. Anzanga ankati ndingomumeta, koma dokotala wa ziweto anakana: ubweya wake uli pawiri, ndipo umatchinjiriza khungu ku dzuwa. Ofunika ndi kupesa basi, kusaka nkhupakupa kuseri kwa makutu, ndi katemera wa chiwewe. Chakudya chake chimandidyera ndalama zomwe kale zinkathera ku mabandulo.

Galu wotopa sakumba mpanda. Nkhuku za kuseri zikukula mumtendere, ndipo amayi aja masiku ano amafunsa kuti, "Mlendo wathu wadzuka bwanji?" Komabe masana ena ndikamuona akupumira m'mwamba, lilime lili panja, mtima umandifunsa ngati ndinamuchitira chilungamo. Sindine ndinamubweretsa kuno, koma ndine ndinavomera.

Zithunzi zija ndimaponyabe, ndipo mu inbox simusowa wofunsa: "Aise, akapezeka kamwana undiuze." Onse ndimawayankha chimodzimodzi. Tikumane Loweruka 5 koloko m'mawa m'munsi mwa phiri, ubwere ndi nsapato zothamangira. Tikatsika, ndiye tikambe za kamwanako.

Mpaka lero timakwera awiri.