Pa njinga yamoto kuchokera ku Tsangano mpaka ku Furancungo

Munthu akatsika basi pa Tsangano Turn-off, pa msewu waukulu wa M1 m'boma la Ntcheu, sasowa womulandira. Anyamata a kabaza amakhala atandanda kale ndi njinga zawo zamoto, ena atamangirira matumba opanda kanthu kumbuyo, kudikira ulendo wa kumapiri. Kuchokera pamenepo msewu umakwera motsatira malire, Malawi kudzanja lamanzere, Mozambique kudzanja lamanja, mpaka pa msika wa Tsangano pomwe makwacha ndi mametikali amayendera limodzi.

Kuno n'kwawo kwa mbatata ya kachewere, tirigu, kabichi ndi mapichesi. Mu June ndi July kumazizira moti zala zimakanika kugwira buleki m'mamawa. Koma nyengo imene imasiyanitsa wodziwa njinga ndi wongokwera ndi ya dzinja, kuyambira December mpaka March, pamene katondo amaterera ngati therere ndipo malole ogula mbatata amalekeza patali, kuopa kutitimira.

Njinga zamotozi sizinabwere kale. Nkhondo itatha ndi pangano la mtendere la ku Rome pa 4 October 1992, anthu a ku Tsangano, Angonia ndi Macanga amene anathawira ku Ntcheu ndi ku Dedza anabwerera kwawo n'kupeza milatho itagumuka, misewu itamera thengo. Katundu ankayenda pamutu, pangolo kapena pa njinga yakapalasa. Yamoto inali ya bambo mfumu wa ku mishoni, mlangizi kapena wogwira ntchito ku bungwe. M'zaka za m'ma 2000 ndi pamene kunafika njinga zotsika mtengo za ku China, monga Lifo ndi Sanlg, zimene anthu a tsidya la Mozambique amangoti mota. Mlimi akagulitsa bwino fodya kapena mbatata ankatha kugula yake, ndipo zambiri zinaolokera ku Malawi kukachita kabaza.

Chodabwitsa n'chakuti kunja kuli anthu amene amachita kulipira ndalama kuti ayende pa njira zonga za ku Tsangano. Masewero ake amatchedwa trials ndipo anayambira ku Britain. Mpikisano wake wakalekale, Scottish Six Days Trial, unayamba mu 1909 ndipo umachitikira m'mapiri ozungulira Fort William ku Scotland. Pa masewerowa wothamanga alibe mphotho. Wokwera amapatsidwa kachigawo ka miyala, mtsinje kapena chitunda kuti adutse osaponda pansi. Akaponda kamodzi amamulembera chilango chimodzi, akagwa kapena kulephera amamulembera zisanu, ndipo wopambana ndi amene ali ndi zilango zochepa. Katswiri wake wamkulu ndi Toni Bou wa ku Spain, yemwe anatenga chikho cha dziko lonse mu 2007 n'kupitiriza kupambana chaka ndi chaka kwa zaka zoposa 15.

Njinga yake ndi yachilendo ndithu. Imalemera makilogalamu pafupifupi 70 okha, thanki yake imalowa malita awiri kapena atatu, ndipo ilibe mpando chifukwa wokwera amaimirira ulendo wonse. Kuno singathandize aliyense, pakuti thumba la mbatata mungalimange pati? Koma kakweredwe kake ndi komwe kamafunika pa chitunda cha katondo, ndipo anyamata ena a kuno anakatulukira okha popanda kumva dzina la Toni Bou.

Taonani wokwera wodziwa akafika pa malo ogumuka. Salimbana ndi liwiro. Amaika giya yoyamba asanalowe, amadzuka pang'ono pa mpando kuti thupi lilemerere pa zopondera, mawondo atapinda, ndipo maso amayang'ana kumene akufuna kupita, osati pa mwala umene akuuopa. Moto amaonjezera pang'onopang'ono, zala zili pa kilachi, chifukwa akaupatsa wambiri nthawi imodzi tayala lakumbuyo limangozungulira n'kukumba dzenje. Wosadziwa amachita zosiyana: amathamangira chitunda ndi giya yachitatu, injini imatsamwa pakatikati, njinga n'kuyamba kubwerera chafutambuyo ndi matumba atatu. Miyendo yambiri imathyokera pamenepo.

Pa mtsetse pali chizolowezi choipa chimene chiyenera kutha. Ena amazimitsa injini kapena kuchotsa giya kuti apulumutse petulo. Petulo wopulumukayo sangadzaze ngakhale kapu, koma njinga yolemedwa imatsala ndi mabuleki okha, ndipo akatentha kapena kunyowa sagwira. Wa trials amatsika ali mu giya yaing'ono, thupi atalikankhira kumbuyo, injini ikuthandiza kugwira njinga. Wonyamula mayi wodwala kupita naye kuchipatala ayenera kutsika chimodzimodzi.

Pali chinthu chimodzi chimene sichiyenera kutengeredwa mwachisawawa. A trials amaphwetsa matayala kwambiri, mpaka lakumbuyo limadinika ndi chala, kuti liphwatalale n'kukumbatira mwala. Iwo zimawayendera chifukwa njinga ndi yopepuka ndipo tayala lakumbuyo nthawi zambiri lilibe chubu. Lifo yosenza matumba ikaphwetsedwa chotero, limu imatsina chubu pa mwala woyamba, kapena tayala limazungulira pa limu n'kuzula valavu. Kuchepetsako mpweya pang'ono pa matope, njinga ilibe katundu, kumathandiza, bola pampu ikhale pafupi kuti mupope mukafika pouma.

Wofuna kukafika ku Macanga kuchokera ku Tsangano amadzera ku Ntengo-wa-Mbalame n'kutulukira ku Ulongue, likulu la Angonia. Apa ndi pogulira zitsulo: tcheni, mapulagi, machubu, nthambo za kilachi. Wanzeru amagula pomwepa, chifukwa akadutsa Domue kulowera kumadzulo masitolo amatalikirana, mapiri n'kumachuluka. Furancungo, likulu la boma la Macanga, lili pakati pa mapiri ndi minda ya fodya, ndipo alangizi a kampani ya Mozambique Leaf Tobacco amayendera alimi awo pa njinga zamoto mpaka kumidzi kumene galimoto silifika.

Njira za kumidziko zimaoloka timitsinje tambiri topanda mlatho, ndipo apa ndi pomwe injini zimafera. Wokwera ayenera kutsika kaye n'kuyesa madzi ndi miyendo. Akafika pa bokosi la sefa ya mpweya, ndiye kuti ndi akuya, ndi bwino kudikira kapena kuitana anthu kuti anyamule njinga. Koma ikazimira m'madzi, cholakwa chachikulu n'kuyamba kuiponda kuti ilire. Madzi safinyika ngati mpweya, choncho akalowa mu injini n'kuiumiriza, chitsulo chogwira pisitoni chimapindika, ndipo ndalama ya mbatata ya mwezi wonse imathera kwa makaniko. Chofunika n'kuikankhira pamtunda, kuchotsa pulagi, kuiponda kangapo kuti madzi atulukire pa bowo la pulagilo, kumasula kabawuti ka pansi pa kabuleta kuti madzi atsike, ndi kuumitsa sefa. Kenaka muone oyilo. Akaoneka ngati tiyi wothira mkaka, walowa madzi ndipo asinthidwe msanga. Mukaoloka bwinobwino, yendani pang'ono mutagwira buleki mopepuka kuti iume musanafike pa mtsetse wina.

Zina zonse ndi za m'mawa uliwonse, ndipo sizidya nthawi yoposa yophikira phala. Tcheni amene wayenda m'matope atsukidwe ndi palafini n'kuthiridwa oyilo, pakuti matope osakanizika ndi girisi amadya mano a sipuloketi ngati tupa. Asamangidwe kwambiri: azisewera pafupifupi zala ziwiri njinga itasenza katundu wake, osati ili yopanda kanthu. Masipoko amayesedwa powagogoda ndi sipanala. Lolimba limalira bwino, lomasuka limangoti phu, ndipo limodzi likalekereredwa anzake amaduka motsatana. Sefa ya siponji imatsukidwa, kuumitsidwa n'kupakidwa oyilo pang'ono, koma ya pepala siichapidwa, imangogwedezedwa kapena kusinthidwa. M'chilimwe, fumbi likachuluka, ena amachotseratu sefa ponena kuti njinga ikoke bwino. Imakokadi kwa milungu yochepa, kenaka n'kuyamba kufuka utsi ndi kumwa oyilo.

Petulo wa m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu ndi amene amayendetsa madera onsewa, ndipo palibe angamunyoze pamene pampu ya mafuta ili kutali. Koma botolo limasunga zinyalala, nthawi zina ndi timadzi. Kansalu koyera koika pakamwa pa thanki pothira kamagwira zinyalalazo, ndipo timadzi timaoneka titakhazikika pansi pa botolo munthu akalikweza kudzuwa asanalipire.

Pa msika wa Furancungo amakaniko amagwirira ntchito pansi pa mtengo kapena kakhumbi ka udzu, masipanala ali pa chiguduli. Njinga zofika kwa iwo m'dzinja zimakhala ndi matenda omwewo: tcheni woduka, chubu chotsinidwa, injini yomwa madzi. Mwini wake amakhala pambali, maso ali pa matumba ake amene atsitsidwa pansi, kwinaku ogula a ku Tete akumanga katundu wa anthu ena pa lole.