Mibulu ya Achemwali Anga

Ine ndinakulira m'munsi mwa phiri la Soche, m'nyumba imene umoyo wa munthu unkayesedwa ndi nsima. Mlendo akadya mitanda iwiri amayi ankakondwa, akadya umodzi ankamfunsa kuti, "Kodi mwadwala?" Nzeru imeneyi ndinakula nayo, ndipo inatsala pang'ono kuphetsa achemwali anga.

Achemwaliwo anakhala zaka zambiri ku Johannesburg, kumene ife timati ku Joni. Kumeneko ananenepa kwambiri. Ife kuno poona zithunzi tinkati zawayendera, koma iwo anali pa mavuto. Anali ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo mawondo ankakana kuwanyamula. Potsiriza madokotala anawachita opaleshoni yochepetsa thupi. Anagawa chifu nasiya kathumba kakang'ono ngati dzira la nkhuku, nalumikiza kathumbako ndi matumbo a patsogolo. Chotero chakudya chimalowa chochepa, ndiponso chimalambalala chifu chotsalacho ndi chigawo choyamba cha matumbo.

Pobwerera kuno anali wowonda ndi wopepuka, shuga atatsika. M'chikwama mwao munali mabotolo a mibulu ya mavitamini. Tsono inu mudziwa za kwathu kuno: munthu wochokera ku Joni akabwera wowonda namamwa mibulu m'mawa uliwonse, anansi sasowa chonena. Ine manyazi anandigwira. Tsiku lina ndinati, "Achemwali, mibulu imamwedwa ndi odwala. Inu mwachira. Mudzingodya bwino, ine ndidzakuphikirani." Iwo anayankha nati, "Iwe, anandiuza kuti ndisaleke." Koma mabotolo atatha, ndalama zili zochepa, mawu anga anapambana.

Ndinawaphikira monga ndidziwira. M'mawa tiyi ndi buledi, masana nsima ya ufa woyera. Iwo ankadya mbamu zitatu nakhuta, ndiwo zisanakhudzidwe. Miyezi inapita osaoneka kanthu, ndipo ine ndinadziyesa wanzeru. Safunsa anadya phula.

Choyamba chinali phuma. Pokwera chitunda cha kwathu ankaima kawiri. Kenaka tsitsi linayamba kutsalira m'chipeso, m'zikope munayera, ndipo ndinawapeza akutafuna dothi lija amagulitsa pamsika. Patapita nthawi yaitali anayamba kudandaula kuti mapazi achita dzanzi, ngati nyerere zikuyendamo. Tsiku lina pochokera ku tchalitchi nsapato inavuka, iwo napitirira ulendo osamva. Pamenepo mantha anandigwira, ndipo tinapita ku chipatala cha Queen Elizabeth, chimene ife timati ku Gulupu.

Atayeza magazi, dokotala anatikhazika pansi. Zimene anafotokoza ndizilemba pano monga ndinazimvera, pakuti sindinaziiwale.

Chifu si nkhokwe chabe. Chimatulutsa madzi owawasa amene amasungunula mchere wa ayironi wa m'chakudya, ndipo ayironiyo amalowa m'thupi makamaka pa chigawo choyamba cha matumbo, chomwe chija chakudya cha achemwali chimalambalala. Popanda ayironi magazi amaperewera. Kwa ife akazi vutoli ndi lalikulu kuposa kwa amuna, chifukwa mwezi ndi mwezi timataya magazi. Phuma lija, ndi chilakolako cha dothi, gwero lake linali limeneli.

Dzanzi la mapazi linali ndi gwero lina. Pali vitamini wotchedwa B12, amene amapezeka m'nyama, nsomba, mazira ndi mkaka. Vitaminiyu salowa bwino m'thupi yekha. Amafuna mnzake womperekeza, amene amapangidwa m'chifu momwe. Chifu chikachepa kapena kulambalalidwa, woperekezayo amasowa. Tsono chinyengo chake ndi ichi: chiwindi chimasunga B12 wokwanira zaka zingapo. Munthu amaleka mibulu nakhala bwinobwino, osadziwa kuti akudya za m'nkhokwe. Nkhokwe ikatha, mitsempha imayamba kuonongeka, ndipo ikaonongeka nthawi yaitali sichira yonse. Pomva mawu amenewa ndinayang'ana pansi.

Ananenanso za kashiamu ndi vitamini D, kuti zikasowa mafupa amafooka mwakachetechete, makamaka mkazi akasiya kusamba. Anawonjeza kuti mkazi wochitidwa opaleshoni yotere amalangizidwa kudikira miyezi 12 kufikira 18 asanatenge pathupi, kuti mwana asapeze thupi la amake lili losowa. Izi sizinatikhudze, pakuti achemwali anali atamaliza kubereka, koma ndazilemba chifukwa cha ena.

Ine ndinafunsa kuti, "Adokotala, nanga ndikamaphika ndiwo zabwino, mibuluyo siingalekedwe?" Anapukusa mutu. Anati chakudya chimathandiza, koma njira yake inasinthidwa ndipo sidzabwerera. Mibulu ndi kuyezetsa magazi ndi za moyo wonse. Achemwali anayamba kulandira jakisoni wa B12, poyamba pafupipafupi, kenaka kamodzi pa miyezi itatu.

Kuyambira pamenepo khitchini yanga inatembenuka. Kale ndiwo zinkaperekeza nsima. Tsopano pa mbale ya achemwali nsima ndiyo imaperekeza ndiwo. Amayamba ndi dzira, nyemba zofewa kapena kachidutswa ka chiwindi, ndipo mbamu imabwera pomaliza ngati malo atsala. Usipa ndi bonya ndimasinja pamodzi ndi minga yake, chifukwa kashiamu ali m'mingamo. Bonongwe ndi nkhwani zotendera sizisowa. Tiyi ndinamchotsa pa nthawi ya chakudya, pakuti amatsekereza ayironi; m'malo mwake mbulu wa ayironi amamwera madzi ofinyiramo ndimu, chifukwa vitamini C amautsegulira njira. Mbulu wa kashiamu umadikira maola awiri, popeza awiriwa akakumana amalimbirana khomo.

Mnansi wina anandiuza kuti ndisavutike, poti shuga wa m'sitolo ali ndi mavitamini. Nzoona kuti kuyambira 2012 shuga wa m'dziko muno amathiridwa vitamini A, monganso mchere umathiridwa ayodini. Koma zimenezo anazikonzera anthu a chifu chathunthu, ndipo achemwali akadya zotsekemera amatuluka thukuta nachita chizungulire.

Magazi anabwerera. Tsitsi linameranso, ndipo chitunda chija amakwera osaima. Koma zala ziwiri za phazi lamanzere sizinadzuke kufikira lero. Iwo sanandinenepo ngakhale kamodzi. Madzulo akakhala pakhonde ndimaona akuzitsina zalazo, nayang'ana ku phiri.

Mabotolo aja sabisikanso m'chikwama. Ali pa windo, pafupi ndi mchere, pamene aliyense wolowa angawaone. Tsiku la jakisoni ndimalizunguliza ndekha pa kalendala, ndipo mwezi ukatha, ndisanapite ku msika wa Limbe kukagula bonya, ndimayamba ndapatula ndalama ya mibulu.