Gogomole wa ku Dzalanyama

Ndimasema mbalame kuseri kwa nyumba ya lendi ku Marlboro, kufupi ndi mtsinje wa Jukskei, n'kumakagulitsa ku msika wa ku Rosebank. Mtengo wanga ndi jakaranda, umene ndimagula kwa anyamata osadza mitengo m'mayadi. Sulimba ngati mlombwa wakwathu, koma umamvera mpeni.

Mbalame imene imandidyera nthawi ndi gogomole. Osema ambiri amamukhazika panthambi ngati njiwa, ndipo zimenezi zimandiwawa. Gogomole amakakamira thunthu choimirira, zala ziwiri kutsogolo, ziwiri kumbuyo, mchira wake wolimba utatsamira khungwa. N'chifukwa chake sindisema mbalame payokha n'kudzaimata ndi guluu. Ndimaitulutsa m'chipika chomwecho pamodzi ndi thunthu lake. Kasemasema amayamba, kenako tchizulo imalowa pakati pa mimba ndi khungwa pang'onopang'ono, kuti nsonga ya mchira isalekane ndi mtengo.

Amene amagogoda m'mayadi a Johannesburg kawirikawiri ndi wamng'ono uja mabuku amati Cardinal. Msana wake uli ndi mizere yopingasa, ndipo ndimailemba ndi waya wotentha, umodziumodzi. Koma mtima wanga uli pa gogomole wa Stierling, amene kuno kulibe. Amapezeka m'nkhalango za miombo za Malawi, kumwera kwa Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique basi, ndipo okonda mbalame amachoka kutali kukamufuna ku Dzalanyama, kumadzulo kwa Lilongwe. Ndi wokulirapo pang'ono kuposa Cardinal, ndipo chizindikiro chake chachikulu ndi msana: ndi woderapo, wopanda mzere ngakhale umodzi. Wamwamuna ali ndi kufiira pamutu, wamkazi alibe. Amasaka mphutsi panthambi zam'mwamba, nthawi zambiri ali m'gulu la mbalame zina, ndipo chisa amachita kuboola mumtengo.

Msana umenewo ndimangoupala ndi sandipepa mpaka usalale, waya osaukhudza. Ogula ena amati sindinamalize ntchito, n'kufuna kuti nditsitse mtengo. Ndimawaonetsa awiriwo pamodzi, ndipo wofuna mizere amatenga Cardinal. Wa Stierling sindimuwonjezera kanthu kuti agulike msanga.

Akandifunsa ngati angakamuone, ndimawauza zoona. Adakalipo, koma mitengo ya tsamba ndi mtondo imene amadyapo ndi yomweyo imene imapsa m'mauvuni a makala, n'kulowa mu Lilongwe m'matumba panjinga.