Galu wa pa Kanema ndi Galu wa pa Khomo

Pamene wailesi ya kanema inayamba m'dziko lino, ku Kitwe m'caka ca 1961, anthu amene anali nayo anali owerengeka. Lero m'Kafue muno, kuyambira ku Estates kufikira ku Shikoswe ndi ku Zambia Compound, mbale zokokera zithunzi zamera pa madenga ngati bowa pa culu. Motero ana athu aona agalu amene makolo sanawalotepo: agalu otsegula zitseko, ovina, onyamula katundu wa m'sitolo kukamwa kuti ife tikopeke tikagule.

Galu wotere sabadwa wodziwa. Cimene ife tiona kwa kamphindi, iye wacibwereza kambirimbiri pansi pa nyali zotentha, ndipo ophunzitsa ena amamcedwetsera cakudya kuti kanyama kali m'dzanja kamkoke bwino. Alipo ophunzitsa acifundo, sindikana, koma cithunzi sicitiuza wacifundo ndi uti. Ku America bungwe la American Humane linayamba kuyang'anira nyama zojambulidwa m'caka ca 1940, kavalo atafa pojambula filimu ya Jesse James.

Komabe galu wojambulidwayo ali ndi womsamala, pakuti ndiye cuma ca mwini wace. Amene andimvetsa cisoni koposa ndi agalu ogulidwa cifukwa ca iye. M'caka ca 2003 kampani ya lamya ya Hutch, ku India, inaonetsa kagalu ka mtundu wa pug, dzina lace Cheeka, kakutsata mnyamata kuli konse apita. Anthu anakakonda, nathamangira kugula tiagalu totere, ndipo mtengo wace unakwera. Pofika 2018 a bungwe la PETA India analembera a Vodafone, amene anagula kampaniyo, kuwapempha aleke kuonetsa mtundu umenewu. Caka comweco madokotala a nyama a ku Britain, a British Veterinary Association, anadandaulira amalonda pa nkhani yomweyi.

Cifukwa cace n'cimene inu, anyamata ndi asungwana amene mwangotsiriza sukulu, munaphunzira kale. Galu sadziziziritsa ndi thukuta monga ife. Amacotsa kutentha mwa kupuma wefuwefu, lilime liri kunja. Tsono pug anamfupikitsa mphuno mwadala anthu oweta, kuti nkhope ikhale ngati ya khanda, ndipo njira ya mpweya inapanikizika. Mkonono umene anthu amaseka nawo ndiwo kulimbana kwace ndi mpweya. Taganizani nyama yotere m'cigwa cathu cino mwezi wa October, pamene malata amalira ndi dzuwa ndipo ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa nkhokwe.

Ndinaziona ndi maso. Mnyamata wina wa pa mzere wathu, atalandira malipiro ace oyamba, anakwera basi kunka ku Lusaka nabwera ndi kagalu ka mphuno yophwatalala m'katoni. Sanali wankhanza konse. Anakagulira mbale yace ndi unyolo wonyezimira, ndipo ana a m'komboni anali kudza kudzakaona. Koma iye anali kucoka m'mamawa, kagalu n'kutsala pa khonde la simenti. Tsiku lina masana amai oyandikana naye anakapeza katagona capambali, lilime litada. Anakathira madzi, koma mvula yoyamba sikanaione.

Pa khomo lomwelo panali galu wina wofiirira, wa makutu osongoka, wa mtundu umene umasaka nchenzi m'mabango a mtsinje wa Kafue. Ameneyu dzuwa alidziwa, nkhupakupa apirira nazo, ndipo wakuba amamumva asanafike pa mpanda. Palibe wamalonda amene anamjambulapo, ndipo mnyamata uja anali kumcha galu wamba. Cakudya cace cinali makoko a nsima. Mwezi watha ndinamuona mnyamatayo akufunsa kwa anzace mtengo wa kagalu kena konga koyamba kaja, wofiirirayo ali gone pa mapazi ace.