Galasi limanena lokha mmene linafera

Sabata yatha kunabwera bambo wina ndi Toyota Sienta, wailesi ya m'galimotoyo ataikulunga m'jumbo ngati usipa. Anali atadutsa kale kwa anyamata a m'mphepete mwa msewu, aja akudzitcha amisiri chifukwa ali ndi sikuludiraiva ndi foni yoonera YouTube. Anamuuza kuti yafa, agule ya Android. Nditatsegula ndinapeza kuti poyamba kachingwe kamodzi kanangosomphoka, koma iwo potokosa anathyola kaloko kogwira kachingweko. Ntchito ya mphindi 20 inandidyera tsiku lonse. Pomaliza bamboyo akuti, "Achimwene, komatu kuja amatchipitsa." Ndinangowayang'ana.

Galimoto zambiri zimene ndimagwira kuno ku Limbe n'zochokera ku Japan, zotsikira ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe: Vitz, Passo, Note, Fit. Zimabwera ndi Carrozzeria, Eclipse kapena Strada ya Panasonic, zolankhula Chijapani chokhachokha, mapu ake akuonetsa misewu ya ku Japan iwe uli pa Chichiri. FM yake imayambira pa 76 n'kuthera pa 90, n'chifukwa chake mawailesi ambiri a kuno sagwira mpaka tiikemo band expander. Mapuwo palibe amawafuna. Anthu amafuna kamera yobwerera m'mbuyo ndi nyimbo, ndipo nyimbozo zimadalira galasi kuti limve chala.

Kuchotsa wailesi padashibodi aliyense amatha. Ungosamala batire, chifukwa zina ukazidula moto zimafuna SD ya mapu kapena nambala yachinsinsi, pamene mwini wake sanaionepo SD yo chigulireni galimoto. Pamene pali ntchito ndi pagalasi.

Anthu amaganiza kuti sikirini ndi chinthu chimodzi. Pansi pali LCD yoonetsa zithunzi, pamwamba pali galasi lomva chala. Pa mawailesi akale a ku Japan galasilo lili ndi zigawo ziwiri: kapulasitiki kofewa pamwamba, galasi lenileni pansi, zonse zopakidwa mankhwala odutsa magetsi, pakati pali timadontho tosaoneka bwino totchinga kuti zisakhudzane. Ukadina, zimakhudzana, makina n'kudziwa pamene pali chala. Kachingwe kake kali ndi mizere 4. Ndisanakhudze chilichonse ndimayeza ndi mita, mizere iwiriiwiri. Yamoyo imapereka ma ohm mazana angapo. Ikangoti zii, mzere waduka. Ndipo ngati chigawo chapamwamba ndi chapansi zikulankhulana popanda wodina, ndiye matenda aja mwini wake amati "ikumangodzidina yokha ngati muli mizimu". Si mizimu, ndi dzuwa la mu Okutobala limene laphika dashibodi mpaka pulasitiki yafota.

Kulekanitsa galasi ndi LCD kumafuna mtima wa mayi wosankha mpunga. Umatenthetsa guluu pang'onopang'ono, n'kulowetsa kapulasitiki kopyapyala kuyambira pangodya yakutali ndi chingwe. Chitsulo ayi. Ukapupuluma LCD imachita banga lakuda, ndipo ilo lilibe mankhwala. Galasi latsopano limafuna tepi yopyapyala yomata mbali zonse, osati supagulu amene anzanga aja amathira mpaka mkati kuchita nkhungu yoyera. Felemu ikafinya m'mphepete pang'ono pokha, mizimu ija yabweranso. Fumbi ndiye mdani wanga. Ndimatseka chitseko, kuwaza madzi pansi, ndipo wofuna kucheza adikire panja.

Kuwaza madziko ndinaphunzira kwa madala amene anandilera pantchitoyi ku Ndirande. Iwo ankakonza ma TV ndi mawailesi a kaseti, touchscreen sanaigwirepo mpaka kumwalira. Chaka choyamba sanandilole kugwira chowotcherera. Ntchito yanga inali kusesa, kuika masikuluwu m'zivindikiro za Sobo motsatira mmene achokera, ndi kununkhiza. Inde, kununkhiza. Ankandipatsa bolodi n'kunena kuti, "Mwanawe, yapsa ndi moto kapena ndi madzi?" Ndikalakwitsa, tiyi wa tsiku limenelo ndimwa wopanda sikono. Anali ndi kope limene ankalembamo chimene apeza m'katundu aliyense, mwini wake n'kusainira. Tsiku lina mphunzitsi wina anawapempha alembe kuti TV yake inabwera yakufa kuchokera kusitolo, pamene inali itaombedwa ndi mphenzi. Madala anatseka kope, n'kumuuza kuti anyamule TV yake asanawaphonyetse nsima.

Zomwezo zinandipeza chaka chatha. Bwana wina anabwera ndi pikapu yatsopano, yogula kwa ogulitsa enieni, walanti isanathe. Sikirini yake inali yamakono, ya galasi lolimba ngati la foni, koma theka lake silinkamva. Ndinaunika ndi tochi m'mphepete n'kuona mzere wa madzi ouma. Anavomera kuti anyamata otsuka galimoto anapopera sopo padashibodi. Pempho lake linali lakuti nditsegule, ndipukute dzimbiri lobiriwira lija, nditseke bwinobwino osaonetsa kuti panadutsa munthu, iye akanene kuti yangofa yokha. Anatchula ndalama yoposa imene ndikanalipiritsa pokonza.

Ndinati, "Bwana, walanti ndi ya vuto lochokera kufakitale. Ili ndi la sopo." Anati kampani ndi yolemera, siingamve kuwawa. Mwina n'zoona. Koma kumeneko kuli mmisiri ngati ine amene adzasainire kuti walandira chinthu chofa chokha, ndipo akadzatulukira amene angafunsidwe ndi iyeyo. Ndinamuuza akanene zoona, kapena akafunse a inshuwalansi, kapena ndimuitanitsire galasi alipire. Anachoka akung'ung'udza kuti ndimadzimva.

Chimene sanaone n'chakuti mwezi womwewo ndinabweza mayi wina amene sikirini yake inachita matuza yokha galimoto ili pa walanti. Sindinamasule sikuluwu ngakhale imodzi, poopa kumutayitsa ufulu wake. Ndinamuuza ajambule ndi foni, atenge buku la sevisi, apite kumene anagula. Anamuikira yatsopano ulele, ine osapezapo ngakhale tambala.

Ntchito yanga ndimaiikira walanti ya miyezi 3, ndipo ndimalemba m'kope ngati madala. A Sienta aja abweranso dzulo, akuti ntchito yanga n'yachinyengo. Pakati penipeni pa galasi panali kadzenje kofanana ndi nsonga ya kiyi. Ndinawaonetsa, anayamba kunena za mdzukulu wawo.